KUMENE WAPAULENDO AMATULA KATUNDU

Munthu akalawira m'mbandakuca naima pafupi ndi msika wa Kapata, amaona midzi ikutsikira m'tauni. Amai osenza nkhuni ndi madengu a matimati amaturukira m'tinjira ta m'mapiri, abambo akukankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, pakuti njinga yotere siikwereka pa citunda. Ena mwa iwo ananyamuka nthanda itangooneka. Mutafunsa mmodzi wa iwo ngati kuyendako kumamkondweretsa, angakuyang'aneni ngati mwamtukwana. Kwathu kuno munthu amayenda pansi cifukwa ca kusowa: ndalama ya basi palibe, njinga yafa, kapena kumene akupitako galimoto siifika. Akapeza bwino, cinthu coyamba cimene amaleka ndico kuyenda.

Tsono mverani izi, awerengi okondedwa. Ku England kuli anthu a ndalama zao, okhala ndi magalimoto pakhomo, amene amapempha chuthi ku nchito, nabereka cikwama, n'kuyenda pansi masabata awiri kapena atatu m'mapiri a mphepo ndi mvula popanda wowakakamiza. Njira yao yochuka koposa imachedwa Pennine Way. Imayambira pa mudzi wa Edale n'kukathera pa mudzi wa Kirk Yetholm, kungolowa pang'ono m'dziko la Scotland, ndipo utali wace ndi makilomita 431. Kuti mumvetse bwino, ndiye ngati kunyamuka pa Kapata, kupyola Katete, Petauke ndi Nyimba, kuwoloka mlatho wa Luangwa, n'kukafika ca ku Rufunsa. Ambiri amaitsiriza pa masiku 16 mpaka 19, akumira m'madambo a matope akuda ndi kugwa m'miyala.

Njirayi sinabwere yokha. Kale mapiri ambiri a kumeneko anali a eni minda olemera, amene ankawasungira mbalame zonga nkhwali kuti azikaziwombera, ndipo alonda ao ankapirikitsa aliyense wopondamo. Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo, ambiri a iwo acinyamata ogwira nchito m'mafakitale a ku Manchester, anakwera dala phiri la Kinder Scout pamaso pa alondawo. Asanu anaponyedwa m'ndende. M'caka ca 1935 mtolankhani Tom Stephenson analemba m'nyuzipepala ya Daily Herald kupempha kuti pakhale njira imodzi yaitali yotseguka kwa onse. Anadikira zaka 30. Njirayo inatsegulidwa pa 24 Epulo 1965.

Koma cimene ndifuna kuti tione pamodzi ndi malo opumulira, cifukwa ndiwo amene amasunga ulendowo. M'midzi ya m'mbali mwa njira muli nyumba zimene eni ace amazicha pub. Tikangomva kuti mumagulitsidwa mowa timaganiza za bala ya pa msika, koma pali kusiyana. M'nyumba yotere ya kumudzi mumakhala moto woyaka, cakudya cotentha, ndipo kawirikawiri muli zipinda zogonamo ndi malo oumitsira zobvala zonyowa. Wapaulendo amabvula nsapato zamatope pakhomo, nakhala pakati pa eni mudzi, namva za nyengo ya mawa ndi za mtsinje umene wasefukira kutsogolo. Ambiri amayambira ulendo pa khomo la Old Nags Head ku Edale. Ca pakati pa njira pali Tan Hill Inn, imene iri yokhayokha pa cipululu, mamita 528 pamwamba pa nyanja. Palibe pub ina m'dziko lonse la Britain iri pamwamba kuposa iyi. (Ife a ku Chipata tingamwetulire, popeza timagona ndi kudzuka pa mamita oposa 1,000 osakumbukirako.) Kale inkatumikira anthu okumba malasha m'derali. Mu Novembala 2021 cipale cofewa cinatsekera anthu okwana ngati 60 m'nyumbamo usiku utatu, ndipo onse anadya ndi kugona pomwepo mpaka njira itatseguka.

Ku mapeto kwa ulendo kuli Border Hotel. Mkulu wina wolemba mabuku a njira za m'mapiri, Alfred Wainwright, amene sanabise kuti Pennine Way inamsautsa kwambiri, analonjeza m'buku lace la 1968 kuti aliyense woitsiriza adzamgulira tambula ya mowa pa malo amenewa. Analipira ndithu caka ndi caka mpaka imfa yace mu 1991. Mukayang'ana m'mene anthuwa amakonzera ulendo, mudzaona kuti sayamba ndi kufunsa kuti phiri lakuti n'lalitali bwanji. Amayamba ndi funso lakuti, kodi dzuwa likamalowa ndidzakhala pa khomo la yani? Utali wa tsiku lirilonse umadulidwa ndi yankho la funso limeneli.

Njira ya ku Halale

Funso lomweli analidziwa bwino makolo athu, ndipo maulendo ao anali otalika koposa. Sindinena zambiri za Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, nayenda mpaka ku Ufipa, kufikira pamene a Mpezeni anadzakhazikika m'mapiri ano ca m'ma 1870. Uwo unali msamuko wa mtundu wonse, ndi ng'ombe ndi zishango. Ndinena za anthu wamba. Pamene Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia, kufikira 1911, ciriconse cofika kuno cinkabwera pa mutu pa munthu: nsaru, mcere, malata, mabuku a ofesi, ngakhale bwana mwini wace atagona m'macila. Amtengatenga ankasenza katundu wa makilogalamu oposa 20 tsiku ndi tsiku. Njanji itafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, mu 1906, amtokoma ankathamanga ndi matumba a makalata pakati pa kumeneko ndi kuno, kudutsa cigwa ca Luangwa ndi mikango yace.

Kenaka unabwera msonkho. Kuyambira ca mu 1901 nyumba iriyonse inayenera kulipira mashiling'i atatu pa caka, ndipo ndalama sizinkamera m'munda. Ng'ombe zambiri za Angoni zinali zitalandidwa pambuyo pa nkhondo ya 1898, m'mene Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa. Cotero amuna anayang'ana kumwera, ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, kumene tonse tinazolowera kukucha ku Halale. Kucokera ku Chipata kufika ku Harare, mukayeza molunjika monga iulukira mbalame, ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo njira ya mapazi inali yokhotakhota kuposa pamenepo. Ena ankatsikira kwa Ansenga n'kukawolokera pa Feira, pamene Luangwa imathira mu Zambezi. Ena ankadutsa m'dziko la Apwitikizi kulunjika ca ku Tete. Ulendo unkatenga mwezi wathunthu kapena kupitirira. Ndi njira zonga zimenezi zimene mnyamata wa ku Kasungu, Kamuzu Banda, anayenda ca m'ma 1915 pokafika ku Hartley, asanapitirire ku Johannesburg.

Munthu sankanyamuka yekha. Ankadikirana asanu, khumi kapena kuposa, napeza mkulu amene anapitako kale, wodziwa madooko, zitsime ndi midzi ya anthu abwino. Amai ndi akazi ao ankakonza kamba masiku angapo: ufa m'thumba, cimanga cokazinga, nsawa, nyemba, kamcere ndi fodya wopota. Pa mtolo pankalendewera kamphika, ndipo m'manja munali nkhwangwa kapena mkondo. Koma taganizani, kodi munthu mmodzi angasenze ufa wa masiku angati? Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri thumba lapepuka, Zambezi asanaione n'komwe. Kucokera pamenepo moyo wa apaulendo unali m'manja mwa anthu amene sanawaonepo cibadwire.

Kulowa m'mudzi wa eni kunali ndi mwambo wace. Alendo sankangolunjika pa khomo la munthu. Ankatula mitolo pansi pa mtengo wa pa bwalo, nakhala pansi kudikira kuti aonedwe. Mwana ankabwera ndi cikho ca madzi, nagwada. Madzi ndiwo ankayamba, mafunso pambuyo, pakuti munthu wa kukhosi kouma safotokoza bwino malonje. Atamwa, mkulu wa ulendo ankaperekezedwa kwa anyakwawa kukanena kumene acokera, kwa mfumu yani, ndi kumene alinga. Pamenepo ciwongo cinkagwira nchito yoposa kalata ya boma: Phiri ankapeza Phiri mnzace, Banda napeza mlongo wace m'mudzi umene sanaulotepo, ndipo Mngoni akakumana ndi anthu a cimbuya cace kunyozana kwa nthabwala kunkayamba mbale zisanafike. Madzulo nsima inkacokera m'nyumba zingapo, pano ya ndiwo za nkhwani, apo ya nyemba, kuti mtolo wa kucereza usagwere banja limodzi. Malo ogona anali ku mphala, pamodzi ndi anyamata a m'mudzimo.

Tisaganize kuti zonsezi zinali zaulere cabe. Mlendo ankalipira ndi zimene anali nazo. Coyamba cinali nkhani: mvula yagwa kuti, dzombe lafika pati, mfumu yakuti yamwalira, mwana wanu amene anapita caka catha tinamuona pa mgodi wakuti. M'masiku opanda wailesi, munthu wocokera kutali anali nyuzipepala ya mudzi. Ufa ukatheratu, gulu linkaima masiku awiri kapena atatu kulima kapena kusema mitengo, kuti lilandire licero la cimanga. Ndipo eni mudzi ankadziwa kuti mwana wao nayenso ali pa njira kwinakwace. Azulu, abale a Angoni, ali ndi mwambi wakuti phazi liribe mphuno, kutanthauza kuti silinunkhiza kumene lidzaponda mawa. Ife timati mlendo ndi mame. Pali midzi ina imene inkabisa nkhokwe ndi kumasula agalu, makamaka m'zaka za njala, ndipo mbiri yace inkayenda ndi apaulendo omwewo mpaka njira inkaipatuka.

Amene anazindikira msanga mphamvu ya malo opumulira anali olemba anthu nchito. Boma la Southern Rhodesia linaika mabwato oolotsa anthu pa Zambezi, ndi misasa yogawirako ufa m'mbali mwa njira zina. Pambuyo pa pangano la 1936 pakati pa maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, kunabwera malole onyamula anthu popanda kulipira, amene anthu anawacha Ulere. A kuno ankakawakwerera ku Misale, ku malire ndi dziko la Apwitikizi. Kunena zoona, izi zinapulumutsa miyoyo yambiri, cifukwa njala, ng'ona ndi malungo zinkatha anthu pa njira. Komabe mbale ya ufa ija inali ndi cingwe. Woika misasa ndiye ankasankha kumene njira ikathere, ndipo inkathera pa mapulazi ndi migodi ya malipiro ocepa, kuti anthu asapitirire ku Joni kumene ndalama inali yocuruka. Anyamata ocenjera ankadya ufawo, nakwera lole, kenaka n'kuzemba usiku kulondola njira yao.

Ulendo wobwerera unali ndi zoopsa zace. Tsopano munthu ali ndi bokosi la malata pa mutu, muli mabulangeti, nsaru ya amai, sopo, singano, mwina ndi galamafoni, ndipo acifwamba ankadziwa nyengo imene anthu amabwerera. Pa midzi imene inamcereza popita ankasiyako kanthu, kaya macesi, kaya kacidutswa ka sopo. Akulu amasimbanso, mocita kuseka koma mtima ukuwawa, za amuna amene anapirira zaka zitatu pa mgodi, napulumuka Zambezi, koma ndalama yonse inathera pa mudzi wa mowa, patangotsala tsiku limodzi kuti afike kwao. Ena manyazi anawabweza pomwepo, nakasanduka macona.

Cipanda ndi botolo

Pamenepa tafika pa nkhani ya mowa, imene sitingaizembe. Mowa umene wapaulendo wakale ankaupeza unali wa masese, wofulula amai a pamudzi. Ankabviika mawere, mapira kapena cimanga mpaka zitamera, naziyanika, nazisinja kukhala cimera. Ankaphika phala m'mbiya zazikuru, likazirala n'kuthiramo cimeraco. Mawa lace cimene cinkapezeka ndi thobwa, lotsekemera, lomwa ngakhale ana. Likaphikidwanso ndi kusiyidwa masiku ena, linkawira lokha mpaka akulu atalawa n'kunena kuti mowa wapsa. Mowa wotere ndi wolemera, uli ndi ufa wambiri, ndipo kwa munthu amene wayenda kuyambira m'mawa ndi kacimanga kokazinga m'mimba unali cakudya ndi cakumwa pamodzi. Ku England nakonso kale mowa unkafululidwa ndi amai m'nyumba zao, ndipo ukapsa ankaimika mtengo pakhomo kuti odutsa adziwe. Mu 1393 mfumu Richard II inalamula kuti aliyense wogulitsa mowa aike cizindikiro poonekera. Pub inabadwira m'khichini ya mai wa kumudzi.

Pa mowa wathu panali malamulo osalembedwa. Sunkapezeka tsiku lirilonse, koma pa dima, pa ukwati, pa cikumbutso ca malemu. Mwini mowa ankayamba kumwa yekha pamaso pa onse, kusonyeza kuti mulibe coipa. Cipanda cinkayenda m'manja kuyambira kwa akulu, ndipo wocigwiritsa nthawi yaitali ankasekedwa. Mlendo wodutsa ankaitanidwa, napatsidwa malo pa mphasa, ngakhale sanagwire khasu pa dimapo. Koma mlendo wanzeru ankamwa pang'ono, nathokoza, naturuka dzina lace likadali labwino. Mowa ukatha m'mbiya, kwatha, aliyense kwao.

Lero m'mbali mwa miseu yathu, ya ku Lundazi, ya ku Chadiza, ya ku Mfuwe, malo omwerako ndi ambiri kuposa kale lonse. Pa kamsika kalikonse pali bala kapena tavani, pali Chibuku ca m'mapaketi, ndipo kuseri kwace kuli nyumba ya kacasu. Boma linaletsa timapaketi ta tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wochipa unabwereranso m'timabotolo. Ine sindiri m'gulu la amene amati mowa wonse ndi wa Satana. Dandaulo langa ndi lina: malo amenewa sanamangidwire munthu wotopa. Mulibe nsima, mulibe pogona, nthawi zina ngakhale madzi akumwa mulibe, ndipo cilimba cimalira kotero kuti simungafunse njira. Mbiya inkatha, koma botolo silitha malinga ngati m'thumba muli kanthu. Kacasu kwa munthu woyenda pa dzuwa ndi mdani weniweni, pakuti amaumitsa thupi ndi kufooketsa maondo, ndipo ambiri amene timawapeza atagona m'ngalande m'mawa anali pa ulendo wa makilomita owerengeka cabe.

Kuyenda kwa cisangalalo kulipo ndithu m'dera lathu lino, koma kunakonzedwera alendo a ndalama. Ku cigwa ca Luangwa, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kutsegula msasa wa alendo odzaona nyama, ndipo m'zaka zotsatira anayambitsa maulendo a pansi, kucoka pa msasa wina kukagona pa wina, mlonda wa mfuti ali patsogolo. Ku Malawi, pa phiri la Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, pali tinyumba togonamo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, tokhala ndi mlonda ndi nkhuni, ndipo munthu angayende sabata yathunthu kucoka pa kena kupita pa kena. Mwana wa m'deralo kawirikawiri amapezeka pa maulendowa atasenza cikwama ca wina.

Masiku awiri pa njira

M'nyengo ya cisanu yapitayi, mnzanga wina, mphunzitsi wopuma pa nchito, anandiuza kuti afuna kupita kwao ca ku Chadiza monga ankapitira atate ace, pansi, kudzera njira za m'mapiri. Adokotala anali atamuuza kuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafuna kuti aziyenda, ndipo iye anati ngati ndi kuyenda, ayende kopita kwina osati kuzungulira bwalo la mpira ngati mbuzi ya pa cingwe. Ndinabvomera kumperekeza. Akazi athu anatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatikazingira nsawa.

Dzulo lace tinakwera phiri la Kanjala kuyesa maondo. Kucokera pamwamba tauni yonse imaoneka ngati iri m'mbale, mapiri atazinga mbali zonse: nsanja za mzikiti wa ku Down Shops, madenga a Kapata, Mchini ndi Navutika, ndi mseu waukuru ukuthawira ku Mwami. Koma pamene ndinkakumbuka mithunzi ya misuku ndi mitondo m'masiku a unyamata wanga, tinapeza zitsa zambiri, maenje a oswa miyala, ndi maziko a nyumba zimene zikukwera phiri caka ndi caka. Woyenda pansi amamva kusowa kwa mtengo msanga kuposa wina aliyense, cifukwa amakumva pa liwombo.

M'mawa mwace tinanyamuka pa Kapata tisanamwe tiyi. Anyamata a njinga zonyamula anthu anatitsatira mtunda ndithu. "Atate, kwerani, mudzalipira mawa," anatero mmodzi, poganiza kuti tasowa ndalama koma tikucita manyazi. Titamuuza kuti tikuyenda mwa kufuna kwathu, anaimitsa njinga, natiyang'ana, napukusa mutu. Titasiya mseu, kawiri konse tinapeza njira imene mnzanga ankaikumbuka itachingidwa ndi waya wa minga, ndipo tinazungulira kutali. Ndinakumbukira anyamata a pa Kinder Scout aja. Kwathu palibe amene analembapo njira za makolo pa pepala, cotero mpanda ukaimikidwa palibe poyambira kudandaula.

Dzuwa liri pamutu tinafika pa kamsika kena, madzi atatithera. Tinalowa m'bala ina kupempha akumwa. Mnyamata wogulitsa, amene sanali wamwano konse, anati madzi alibe, koma mowa wozizira ulipo. Panja panali amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi, maso ofiira nthawi ya masana, ndipo mmodzi anayamba kufunsa mokweza kuti madala awiri a zikwama akufuna ciani kuno. Wina anachula za ng'ombe zimene zinabedwa mwezi wathawo. Sitinacedwepo. Sindiwaimba mlandu kwambiri anthu amenewa, popeza kuba ng'ombe ndi bvuto lenileni m'midzi yathu, ndipo akuba amatumizadi azondi masana. Koma ndinamva kamphepo m'msana pozindikira kuti masiku ano munthu wacilendo woyenda pansi amayamba waganiziridwa zoipa, pamene wotsika m'galimoto amapatsidwa mpando asananene dzina.

Patsogolo pang'ono, pa mudzi wa nyumba zosakwana khumi, tinapeza mai wokalamba akutongola cimanga pa khonde. Tinaima patali.

"Odi, ambuya!"

"Odini, fikani. Iwe, tenga mipando, alendo aima."

Sanafunse kanthu. Kamtsikana kanabwera ndi madzi, kenaka iwo eni analowa m'nyumba naturuka ndi cigubu ca thobwa la mawere, nathira m'kapu, namwako pang'ono, natipatsa. Ndamwapo zakumwa zambiri m'moyo wanga, za m'mahotela ndi za pa maukwati, koma thobwa limenelo ndikulimvabe kukhosi. Titatsiriza kapu yaciwiri m'pamene anati, "Nanga ana anga, mwacokera kuti ndi mapazi otuwa conco?" Titafotokoza anaseka mpaka kutsokomola. Anati atate ao anapita ku Halale kawiri pansi, ulendo wacitatu sanabwerere, ndipo amai ao mpaka imfa yao sankalola munthu wa mtolo kudutsa pakhomo osamwa kanthu. Mnzanga anaturutsa ndalama. Anaikankha ndi kuseri kwa dzanja. Nsawa zokazinga zija ndizo analandira, nagawira adzukulu.

Usiku unatipeza pa mudzi wina kuseri kwa phiri, ndipo tinacita monga mwa mwambo: tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mnyamata anadza kudzatitengera kwa anyakwawa. Iwo anatilandira bwino, koma anayamba apempha zitupa zathu, naziwerenga ndi nyali ya foni, nalemba maina m'kabuku. Anapepesa, nati masiku ano akalandira munthu wosadziwika ndipo kanthu kasowa, mudzi wonse umawatembenukira iwo. Atamva ciwongo ca mnzanga nkhope inamasuka, pakuti cinali ca amai ao, ndipo kucokera pamenepo anayamba kumuitana kuti amalume ngakhale anali ocepa kwa iwo ndi zaka khumi. Mphala m'mudzimo munalibe, inatha kalekale. Anatigoneka m'nyumba ya mdzukulu wao amene ali ku Lusaka, pakati pa matumba a soya. Nsima inacokera nyumba imodzi yokha, ya anyakwawa omwewo, ya ndiwo za nkhuku imene tinaimva ikulira titangofika. Atatha kudya, amuna anayi anabwera kudzaotha moto, ndipo tinafunsidwa za mtengo wa feteleza ku tauni, za odwala ku cipatala cacikuru, ndi ngati n'zoona kuti ku Chipata anthu akumanga nyumba pamwamba pa mapiri. Onse ali ndi mafoni ndi mawailesi, komabe anafuna kumva kwa munthu amene waona ndi maso.

Kutaca maondo anga anakana kupindika, ndipo cidendene ca mnzanga cinali ndi thuza lalikuru ngati dzira la njiwa. Amai a pa nyumbapo anatifunditsira madzi, natipatsa mbatata zootcha zinai m'pepala. Anyakwawa anatenga ndodo yao nati atiperekeza pang'ono. Pang'onopo panakwana ola lathunthu. Anatidutsitsa m'dimba, natisonyeza mtengo wa mkuyu pamene anati amuna a ku Halale ankasonkhanirana asananyamuke, kenaka tinatsikira ku kamtsinje. Pamenepo anaima, naloza ndi ndodo.

"Mukawoloka, musatenge ya kumanja, yafa. Kwerani ya pakati pa miyala iwiriyo. Mukafika pa mudzi wa mijigo iwiri, mukanene kuti mwagona kwa ine."

Tinabvula nsapato, tinawoloka. Titaceuka pa tsidya, anali akadaimirira pomwepo, akuyang'ana ngati tatengadi njira ya pakati pa miyala.